Wogula sefa ndi wina, woitsuka ndi wina

Madzi a m'dziwe losambiramo akayamba kuchita mbuu, anthu ambiri amathamangira klorini. Lero kapu imodzi, mawa awiri, mkuja chitini chonse, madzi ali chomwecho. Kawirikawiri vuto limakhala lili m'kanyumba ka pampu kuseri kwa maluwa, kumene alendo safika ndipo mwini malo amasuzumirako pokhapokha china chikayamba kulira mwachilendo. Klorini ntchito yake yaikulu ndi kupha tizilombo ndi ndere. Zimene waphazo, pamodzi ndi fumbi, tsitsi, mafuta odzola ndi zonse zimene mphepo yaponyamo, zimatsala m'madzi momwemo mpaka sefa izikole.

Ntchito ya maiwe ndinaiphunzirira ku Joni, monga anyamata ambiri a kwathu amene amalembedwa ntchito yotchetcha kapinga n'kungopeza kuti dziwe nalo lili m'manja mwawo. Masiku ano ndimasamalira maiwe a malo ogona alendo m'mbali mwa nyanja. Konsekonse zimayenda mofanana: wosankha sefa ndi bwana, amene maso ake ali pa mtengo, ndipo woitsuka ndi wantchito, amene safunsidwa. Pa sefa ya mchenga zimenezi sizivuta kwenikweni, koma pa sefa ya katiriji ndiye pagona nkhani.

Masefa a maiwe alipo a mitundu itatu. Yofala kwambiri ku South Africa ndi kuno kwathu ndi ya mchenga, chimgolo chozungulira chimene madzi amalowera pamwamba n'kutulukira pansi atadutsa mumchenga wapadera. Ina imagwiritsa ntchito ufa woyera wotchedwa DE, wochokera ku zigoba za tizomera tosaoneka ndi maso timene tinafera m'madzi kalekale. Yachitatu ndi ya katiriji. Amasiyana pa kuchepa kwa litsiro limene amatha kukola, ndipo muyezo wake ndi maikuloni. Milimita imodzi ili ndi mamaikuloni 1,000. Tsitsi limodzi la munthu limanenepa pafupifupi 70. Mchenga umakola zinthu za mamaikuloni 20 mpaka 40, katiriji 10 mpaka 20, pomwe DE imagwira ngakhale za 5 kutsika m'munsi. Tinthu totere palibe angatione kamodzikamodzi, koma tikachuluka ndi tomwe timatuwitsa madzi mpaka pansi pa dziwe osaoneka.

Katiriji yeniyeniyo ndi nsalu yolimba ya polyester, yopindidwapindidwa ngati siketi ya yunifolomu ya sukulu, yozunguzidwa pa paipi yobowolabowola n'kumatidwa ndi pulasitiki kumutu ndi kumunsi. Madzi amadzaza thanki, amabowoleza nsaluyo kuchokera kunja, n'kutuluka ndi paipi ya pakatiyo. Nzeru yake ili m'makwinyamo. Nsalu imene mutaitambasula ingayale pansi pa chipinda chogona chonse imakwana m'thanki yolekeza m'chiuno.

Chimene anthu amaikondera choyamba ndi madzi. Sefa ya mchenga imatsukidwa potembenuza madzi kuti adutse chafutambuyo n'kukatayika kungalande, zimene pantchito timati bakiwoshi. Ulendo uliwonse amapita malita mazanamazana, ndi klorini wake yemwe. Katiriji ilibe bakiwoshi. Mumaizula, kuitsuka ndi paipi, kuibwezera. Amene ankagwira ntchito ku Cape Town chilala chitafika povuta sangaiwale: kuyambira pa 1 February 2018 munthu aliyense ankaloledwa malita 50 okha patsiku, ndipo kuthira madzi a khonsolo m'dziwe kunali koletsedwa. Dziwe likatsika chifukwa cha bakiwoshi, panalibe pobwezera. Wa ku Lilongwe kapena ku Blantyre amene amalipira madzi pa mita, ngakhalenso wopopa m'chitsime ndi magetsi, masamu ake ndi omwewo.

Chachiwiri ndi magetsi. Madzi amadutsa pansalu mosavuta kusiyana ndi mumchenga, ndipo katiriji ilibe chivavu cha njira zambiri chimene chimakhala pa sefa ya mchenga n'kumapanikiza madzi. Choncho imagwirizana ndi pampu zamakono zosintha liwiro, komanso zoyendera sola. Pampu yotere mukaichepetsa liwiro ndi theka, magetsi amene imadya amatsika kufika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 8. Namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022, dziko n'kutaya pafupifupi mamegawati 130, ambiri a ife kunyanja tinayamba kuwerenga mawati a chipangizo chilichonse, pampu ya dziwe ili patsogolo.

Koma madzi ndi magetsi opulumukawo amalipiridwa ndi msana wa munthu. Bakiwoshi ndi ya mphindi zochepa, kungotembenuza chogwirira uli chiimire. Kutsuka katiriji ndi kumasula chivindikiro, kunyamula chinthu chonyowa cholemera, kuwerama n'kumatsuka khwinya lililonse palokha. Komanso mchenga wa m'sefa umatha zaka zambiri ndipo supereweratu m'masitolo a zamaiwe, pomwe katiriji iyenera kukhala ya muyezo wa thanki yanuyo, yochokera kunja. Ndiye ine munthu akandifunsa, ndimayamba ndamufunsa kuti adzatsuke ndani, ndipo yolowa m'malo adzaigula kuti. Dziwe la pansi pa mitengo ikuluikulu, pabwalo lafumbi, lopanda munthu wolisamalira sabata ndi sabata, ndimawauza mosabisa kuti agule ya mchenga.

Mukatsimikiza kuti mukufuna katiriji, yambani ndi tepi yoyezera. Chulukitsani utali wa dziwe ndi mulifupi mwake, kenaka ndi kuya kwa pakatikati. Dziwe la mamita 8 m'litali, 4 mulifupi, lakuya mita imodzi ndi theka, limasunga malita 48,000. Madzi onsewa ayenera kudutsa m'sefa kamodzi pa maola 8 ngati ndi dziwe la pakhomo, kapena pa maola 6 ngati mumasambira anthu ambiri. Pa maola 8 ndiye kuti malita 6,000 pa ola, kapena 100 pa mphindi. Imeneyo ndi nambala yosankhira pampu.

Kukula kwa sefa kumalembedwa m'masikweya fiti a nsalu, poti opanga ambiri monga Pentair ndi Hayward ndi a ku America. Masikweya fiti 100 ndi pafupifupi masikweya mita 9. Amisiri kumeneko amakonda kuwerengera masikweya fiti 100 pa malita 38,000 aliwonse, kutanthauza kuti dziwe lathu lija lifunika pafupifupi 130. Musailekeze pamenepo. Gulani ya 200, ndipo ngati thumba likulola, tengani ya makatiriji anayi m'thanki imodzi, ya masikweya fiti 320 kapena 420. Nsalu ikachuluka, madzi amadutsa pang'onopang'ono, litsiro limangotsamira pamwamba m'malo mokankhidwira m'kati mwa ulusi, ndipo pamapita miyezi musanatsegule thanki. Sefa yaing'ono imatsekeka sabata iliyonse. Wantchito amatopa, amayamba kudumphitsa masiku, madzi amada, bwana n'kumati katiriji ndi yachabe. Ndalama imene anapulumutsa pogula yaing'ono imathera ku klorini ndi ku makatiriji ong'ambika msanga.

Onetsetsaninso kuti pampu isapose sefa mphamvu. Pathanki pamalembedwa malita ochuluka amene ingalandire pa mphindi. Pa maiwe a anthu ambiri, muyezo wodziwika ndi pafupifupi malita 15 pa mphindi pa sikweya mita iliyonse ya nsalu. Pampu yaikulu pa sefa yaing'ono imaphwathalalitsa makwinya ndi kuthyola paipi ya pakati. Timaiwe ta pulasitiki ta Intex ndi Bestway, timene anthu amagulira ana, nato tili ndi tikatiriji take, koma timeneto si tokhalitsa. A Intex eni ake amati muzisintha pakatha masabata awiri.

Poika, ndondomeko yake siisintha: madzi achoke m'dziwe, alowe m'pampu, kenaka m'sefa, kenaka m'chotenthetsera ngati chilipo, ndipo chothirira klorini chikhale kumapeto, madzi atatsala pang'ono kubwerera m'dziwe. Thanki ikhale pa simenti yosalala, yomangidwa ndi mabawuti. Musanamange denga la kanyumbako, yezani kutalika kwa katiriji n'kusiya mpata womwewo pamwamba pa thanki. Ndaonapo kanyumba kokongola ka njerwa zowotcha kamene kanachita kusasulidwa malata tsiku loyamba lotsuka, chifukwa katiriji inkagunda denga isanatuluke. Mapaipi akhale a PVC a mamilimita 50, okhota pang'ono monga kungathekere, ndipo polowera ndi potulukira pa thanki muike mayuniyoni kuti tsiku lina mudzamasule osadula paipi. Ngati pampu ili mmunsi kuposa madzi a m'dziwe, ikani mavavu mbali zonse ziwiri, apo ayi dziwe lonse lidzakhuthukira m'kanyumbako mukadzangotsegula chivindikiro. Guluu wa mapaipi mumupatse tsiku lathunthu kuti aume. Za mawaya siyirani wamagetsi wodziwa ntchito yake, ndipo pakhale swichi yodzizimitsa yokha magetsi akayamba kuthawira m'madzi.

Pali kavavu kena kamene ogulitsa ambiri satchula: ka njira zitatu, koikidwa pakati pa pampu ndi sefa, paipi yake ina yolunjika kungalande. Popeza katiriji ilibe njira yotayira madzi, kavavu kameneka ndi komwe kadzakupulumutseni mvula yamphamvu ikadzakokolera matope m'dziwe, kapena dziwe likadzabiriwira mutachokapo. Matopewo mumawakoka n'kuwataya panja osadutsa pansalu.

Tsiku loyamba kuyatsa, tsegulani kavavu kotulutsira mpweya pamwamba pa thanki, yatsani pampu mutaima patali, ndipo mutseke kavavuko pokhapokha madzi akayamba kutuluka mosadukiza. Zikatero yang'anani geji ya pa thanki, ndipo nambala imene singano yaimapo muilembe pakhoma ndi penti. Moyo wonse wa sefayo mudzayendera nambala imeneyi. Singano ikakwera ndi 8 mpaka 10 psi kuchokera pamenepo, kapena 55 mpaka 70 kPa pa geji za ku South Africa, nthawi yotsuka yakwana. Isanafike pamenepo musiyeni. Katiriji yoda pang'ono imasefa bwino kuposa yoyera mbee, chifukwa litsiro loyamba limachepetsa timipata ta nsalu, ndipo kuitsuka tsiku ndi tsiku kumangoikalambitsa. Singano ikatsika kuposa nambala yanu ija, vuto lili kutsogolo kwa pampu: mabasiketi adzaza masamba, madzi a m'dziwe atsika, kapena mpweya ukulowera pena. Mukazimitsa pampu singano osabwerera pa ziro, geji yafa. Ndi yotsika mtengo, isintheni sabata yomweyo.

Pa kutsegula thanki ndimakhala wovuta, ndipo anyamata anga amadziwa. Mpweya wopanikizika m'thanki ungathe kuulutsa chivindikiro ndi mphamvu yothyola nsagwada, ndipo ku America anthu afapo ndi ngozi yotere. Zimitsani pampu pa swichi yaikulu, osadalira kuti magetsi azima kapena kuti taima sinakwane, chifukwa magetsi amabwera osagogoda. Tsegulani kavavu ka mpweya, dikirani singano ifike pa ziro, khuthulani madzi ndi kabowo ka pansi, ndiye mumasule lamba wachitsulo kapena ling'i yomangira chivindikiro. Potseka, pukutani labala yozungulira ya pa chivindikiro, ipakeni girizi wa silikoni, ndipo lamba amangidwe mpaka pamene buku lake lanena. Vaseline ayi: mafuta ochokera ku petulo amafufumitsa labala n'kuiwononga. Poyatsanso, mutu wanu usakhale pamwamba pa thanki.

Kutsuka kwenikweniko n'kwa paipi wamba ya m'dimba. Imikani katiriji pa simenti, yambirani pamwamba kutsikira pansi, madzi akulowa mopendekera, mukutsegula makwinya ndi zala limodzilimodzi n'kumaitembenuza pang'onopang'ono. Makina ochapira galimoto opopera mwamphamvu aja amayeretsa mwachangu mosangalatsa, koma amabowola ulusi, ndipo sefa yoteroyo imaoneka yatsopano kwinaku ikudutsitsa litsiro lonse. Burashi yolimba nayo imachita zomwezo.

Madzi okha sachotsa mafuta. Alendo kunyanja amadzola mafuta oteteza kudzuwa asanadumphire m'madzi, ena glycerine, ena mafuta a m'tsitsi, ndipo zonsezo zimakamata pansalu. Chizindikiro chake n'chakuti mwatsuka bwinobwino koma geji yakweranso patangopita masiku awiri. Apa katiriji iyenera kugona usiku wonse mumgolo wa madzi osakaniza ndi mankhwala otsukira masefa, kapena ufa wa TSP, kapu imodzi pa malita 20. Sopo wochapira zovala kapena wotsukira mbale musayese, dziwe lidzachita thovu sabata yathunthu. M'mawa muitsukuluze kwambiri, chifukwa TSP wotsalira ndi chakudya cha ndere.

Asidi amabwera pambuyo, ndipo nthawi zambiri safunika n'komwe. Amathandiza amene amadzaza dziwe ndi madzi a pamjigo, okhala ndi laimu amene amauma pansalu, kapena dzimbiri limene limaifiiritsa. Mukachotsa mafuta, donthezani asidi pang'ono pa khwinya limodzi. Pakachita thovu ndiye kuti laimu alipo, ndipo muiviike m'madzi magawo 20 pa gawo limodzi la asidi wa m'dziwe mpaka thovu litaleka. Mukayamba ndi asidi mafuta akadalipo, mafutawo amaumira mu ulusi ndipo sadzachokanso. Katiriji zambiri zimafa chonchi, m'manja mwa anthu akhama. Asidi ndiye amathiridwa m'madzi, osati madzi mu asidi. Chitirani panja, mutavala magolovesi ndi zoteteza maso, kutali ndi chitini cha klorini, chifukwa ziwirizi zikakumana zimatulutsa mpweya wakupha.

Chifukwa cha kuviika kwa usiku wonse kuja, ndimakakamira kuti bwana agule makatiriji awiriawiri kuyambira pachiyambi. Ina ikamaviikidwa ndi kuuma pamthunzi, inzake ikugwira ntchito, pampu osaima. Wantchito amene akudziwa kuti alendo akudikira m'mbali mwa dziwe ndi matawulo sangaviike chinthu usiku wonse. Amangomwaza madzi pamwamba n'kubwezera.

Ntchito imachuluka ndi kuchepa motsata nyengo. Mwera ukamawomba m'miyezi yozizira, kunyanja kumakhala mchenga ndi masamba. September ndi October ndi fumbi, phulusa la tchire lotenthedwa, ndipo m'matauni maluwa a jacaranda. Mvula yoyamba imabweretsa ngumbi, zimene zimathothokera mapiko padziwe ngati nyali za m'mbali zasiyidwa zoyaka. Usiku wa ngumbi ndimazimitsa nyalizo. Cha ku Nkhata Bay ndi ku Likoma kulinso tizilombo ta nkhungu totuluka m'nyanja, timene mphepo ikatiponyera kumtunda timakuta madzi onse. Zonsezi ziwoleni ndi ukonde zisanamire. Amene muli ndi Kreepy Krauly, chokwawa pansi pa dziwe chija chimene Ferdinand Chauvier anapanga ku Springs mu 1974, kumbukirani kuti chilichonse chimene chameza chimalunjika kupampu ndi kusefa. Muike kabotolo kokola masamba pakati pa paipi yake.

Mankhwala ena amadana ndi katiriji. Aja osonkhanitsa litsiro kuti limire pansi, amene timawatchula kuti floku, amamata nsalu mpaka kutsekeratu. Ngati mwawathira, litsirolo lituluke ndi kavavu ka njira zitatu kaja. Mibulu ya klorini nayo isaponyedwe m'basiketi ya pakamwa pa dziwe. Magetsi akazima imapitiriza kusungunuka m'timadzi toima, ndipo akabwera, madzi aukaliwo amakamenya pampu ndi nsalu nthawi imodzi. Madzi a dziwe akhale pa pH 7.2 mpaka 7.6, klorini pa 1 mpaka 3 ppm. Ngakhale zonse zili bwino chonchi, kachilombo kotsegula m'mimba ka Cryptosporidium n'kakang'ono mamaikuloni 4 mpaka 6, kochepa kuposa timipata ta katiriji, ndipo kamapirira klorini masiku angapo. Munthu wotsegula m'mimba, makamaka mwana, asalowe m'dziwe ngakhale madzi atayera bwanji.

Katiriji yosamalidwa bwino imatha zaka ziwiri kapena zitatu, ina kupitirirapo ngati ndi yaikulu. Ikamatha imadzionetsa: pulasitiki ya kumutu imang'aluka, malamba ogwira makwinya amaduka, nsalu imachita ubweya, makwinya amagonerana, ndipo geji sibwereranso pa nambala ya pakhoma ngakhale mutaviika. Yong'ambika siisokedwa. Musadikire kuti ithe ndiye muziyamba kufufuza ina, chifukwa kuitanitsa kunja kumatenga nthawi ndipo dziwe lopanda sefa limabiriwira m'masiku ochepa nyengo yotentha. Mukamatuma munthu ku Joni kapena kuitanitsa pa intaneti, dzina la kampani lokha silikwana. Jambulani nambala yodindidwa papulasitiki ya kumutu, yezani utali wake, mulifupi mwake ndi kukula kwa bowo la pakati m'mamilimita, ndipo muone ngati kumutu kuli kotseka kapena kobowola. Makampani monga Unicel, Pleatco ndi Filbur amapanga zolowa m'malo za mathanki a mitundu yambiri, ndipo nambala imeneyo ndi imene wogulitsa amayendera. Katiriji yofupika ndi sentimita imodzi yokha imalowa m'thanki bwinobwino, koma madzi amailambalala n'kubwerera m'dziwe osasefedwa.